Mikanda Yodziwitsa Matenda

M'caka ca 2020 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya phudzi ndi kutupa miyendo. Mu 2022 linateronso ndi nthenda ya maso ya trakoma. Matenda onse awiriwa anasautsa kwambiri anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Koma nthenda yogonja ingathe kubweranso mwakacetecete. Nanga madokotala adzadziwa bwanji?

Njira imodzi ndiyo ya timikanda ta pulasitiki, tocepa zedi: khumi titandandalikana ndiye tifika kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kampani ya Luminex ya ku Texas ithira m'kati mwace utoto wa mitundu iwiri wosakaniza mosiyanasiyana, kotero kuti pakhala magulu 100, gulu liri lonse ndi maonekedwe ace.

Nchito yace iyenda motere. Gulu limodzi alipaka kacidutswa ka kacirombo ka malungo, lina ka trakoma, lina ka phudzi, lina ka likodzo. Kenaka atenga dontho la magazi a pa cala loumikidwa papepala, nalisungunula, nalisakaniza ndi timikandato. Thupi limene linalimbanapo ndi nthenda lisunga zida zace m'magazi, ndipo zidazo zimamatira pa mkanda wa nthenda yomweyo basi. Pamenepo athirapo mankhwala owalitsa zimene zamamatira. Makina apititsa timikanda kamodzikamodzi pa nyali ziwiri: yofiira izindikira gulu la mkanda, yobiriwira iyesa kuwala kwace. Cotero dontho limodzi liyankha mafunso ambiri.

Koma cenjerani. Kuyesa kotere kuonetsa kuti munthu anakumanapo ndi nthenda, osati kuti alikudwala lero. Mwana akatentha thupi, thamangani naye ku cipatala akamuyese malungo tsiku lomwelo.

Phindu lace liri pa ana. Ngati ana obadwa m'zaka zino alibe zida za trakoma kapena za phudzi, ndiye kuti nthendazo zaleka kufala m'mudzimo. Zikapezeka mwa ana ambiri, a zaumoyo ayenera kubwererako msanga.

Cifukwa cace aphunzitsi ndi mafumu, a zaumoyo akadza kudzapempha dontho la magazi, afunseni acite kulongosola colinga cao pamaso pa makolo. Makolo akamvetsa, mantha acepa, ndipo avomera kapena kukana alikudziwa.