Ofotokoza nkhani atatu, koma buku likugonetsa

FUNSO: Alangizi, ndikulemba buku la nkhani yopeka ya mlonda amene waphedwa pasitolo usiku. Mitu ndaigawa kwa anthu atatu: wapolisi wofufuza, mkazi wa malemuyo, ndi mwini sitolo, amene ndiye wakupha. Anzanga akuti akafika pamutu wachinayi tulo timawagwira, poti aliyense akungobwereza za usiku womwewo. Kodi ndichotse awiri, atsale mmodzi?
Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, musachotse aliyense. Atatuwo sanachuluke, koma mwawadziwitsa zinthu zofanana. Pabwalo la amfumu, mboni zitatu zikamanena mawu amodzimodzi anthu amayamba kuyasamula. Makutu amatseguka pamene mboni yachiwiri yatsutsa yoyamba.

Njira imeneyi ndi yakale. Mu 1868 Wilkie Collins wa ku England adatulutsa The Moonstone, nkhani ya diamondi yobedwa m'nyumba. Ofotokoza ake amalandirana cholembera, ndipo aliyense adauzidwa kulemba zokhazo zimene adaziona yekha. Rachel Verinder, amene adaona ndi maso munthu wotenga mwalawo, sadapatsidwe mutu wake. Akadaupatsidwa, buku likadatha lisanayambe. Choncho dzifunseni: ndani akudziwa chiyani, ndipo ndani ayenera kukhala chete?

Inuyo mwaulula kale wakupha, ndiye tsatirani Frederick Forsyth. Mu The Day of the Jackal, ya mu 1971, nkhani imasinthana pakati pa chigawenga chotumidwa kukapha Pulezidenti Charles de Gaulle ndi wapolisi Claude Lebel. Tonse tikudziwa kuti de Gaulle sadaphedwe ndi chipolopolo, komabe mtima umakhala m'mwamba, chifukwa timaona chigawenga chikusintha pasipoti pamene apolisi akadasakabe dzina lakale. Wowerenga akadziwa zoposa mpangankhani amene akumumvera chisoni, bukulo salisiya.

Yesani motere. Mutu wa mwini sitolo uonetse zimene adachita. Wotsatira ukhale wa namfedwa, akuthokoza bwana wa mwamuna wake amene wagula bokosi ndi kupereka galimoto yonyamula maliro. Mayiyo apeze foni ya malemu, ndipo munthu woyamba amene mayiyo amuuze akhale bwanayo. Dulani mutu pomwepo, mupite kwa wapolisi amene ali kalikiliki kufunsa munthu wosalakwa. Wowerenga adzathamanga ndi masamba kuti abwerere kwa mayiyo.

Wofotokoza akhozanso kunama. Mu Gone Girl, ya Gillian Flynn ya mu 2012, mitu imasinthana pakati pa Nick ndi mkazi wake Amy amene wasowa. Pakati pa buku timazindikira kuti zimene Amy adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku adazipeka kuti mwamunayo amangidwe. Koma bodza lotere lizisiya mapazi, kuti wowerenga akabwerera m'mbuyo avomere kuti zizindikiro zidalipo.

Samalaninso kalankhulidwe. Wapolisi aganize za nthawi ndi umboni, namfedwa za ana ndi lendi, bwana za mbiri yake kumpingo. Phimbani mayina a pamwamba pa mitu, mupatse mnzanu awerenge. Akalephera kudziwa amene akulankhula, lembaninso. Ndipo mutu uliwonse umene sukuwonjezera chinsinsi, bodza kapena ngozi yatsopano, ung'ambeni.