KODI DZINO LIMAYENDA?

Pa chuthi capitaci anandizula dzino lotafunira la m'munsi cifukwa linabooka. Teremu ino ndaona pa kalirole kuti dzino la kumbuyo kwa mpatawo layamba kupendekera momwemo, ndipo la m'mwamba, limene linali kukumana ndi lozulidwalo, latsika pang'ono. Ndinacita mantha, pakuti ine ndinali kuyesa kuti dzino linakhomedwa m'fupa monga msomali m'thabwa. Aphunzitsi athu a Biology anandibwereka buku nati, "Kawerenge wekha." Zimene ndapeza ndifuna kugawirako anzanga.

Dzino silikhudza fupa ai. Pakati pa muzu ndi fupa la nsagwada pali kampata ka mamilimita ngati 0.2, kodzala ndi timaulusi tolimba, timitsempha ta mwazi ndi maselo. M'Cingerezi akacha periodontal ligament. Timaulusito tagwira muzu mbali ino, mbali inayo tagwira fupa, kotero kuti dzino liri lende m'dzenje mwake. Tayesani kuligwedeza ndi zala, mudzamva kuti lisuntha pang'ono ndithu. Tikamatafuna nzimbe kapena cimanga cokazinga, timaulusi timeneti pamodzi ndi madzi a m'kampatamo ndizo zilandira mphamvu yonse, ndipo dzino libwerera pamalo pake msanga.

Koma mphamvu yaing'ono yosaleka icita zina, ndipo apa ndipo pali nkhani. Dzino likakankhidwa masiku ambiri, mbali imene likupita maselo apanikizika, natulutsa mankhwala oitana maselo akulu ochedwa osteoclast. Amenewa asungunula fupa ndi asidi, nalambulira dzino njira. Mbali yakumbuyo timaulusi tikokeka, ndipo kukokekako kudzutsa maselo ena, osteoblast, amene amanga fupa latsopano. Ena akugumula kutsogolo, ena akumanga kumbuyo. Motero dzino liyenda pamodzi ndi dzenje lake, osaguluka. Umu ndimo madotolo awongolera mano ndi mawaya, ndipo dzino liyenda ngati milimita imodzi pa mwezi.

Woyamba kuona zimenezi ndi maikulosikopu anali Carl Sandstedt wa ku Sweden, amene anamanga mawaya pa mano a galu nalemba zopeza zake mu 1904. Mu 1932 Martin Schwarz wa ku Vienna anati mphamvu isapose imene mwazi uyenda nayo m'timitsempha tating'ono, ndiyo magalamu 20 mpaka 26 pa sikweya sentimita imodzi ya muzu. Ikapitirira, timitsempha titsekeka, maselo nafa, ndipo dzino liima ciriri kufikira zakufazo zitacotsedwa. Nthawi zina muzu womwe udyeka. Ici cinandidabwitsa koposa, kuti kukankha kwambiri kucedwetsa ulendo.

Nanga selo, lopanda maso ndi makutu, lidziwa bwanji kuti lapanikizidwa? Pa khungu lake pali tizitseko. Kamodzi mwa ito, Piezo1, anakapeza Ardem Patapoutian ndi anzake mu 2010, ndipo iye analandira mphotho ya Nobel mu 2021. Khungu la selo likakokeka kacitsekoko katseguka, kasiyamu nalowa, ndipo selo liyamba nchito. Tizitseko totere tapezekanso m'maselo ogwira mano athu.

Tsono za dzino langa zamveka. Kale mnzake ndiye anali kulichinjiriza. Lero potafuna likankhidwira kutsogolo kumene kulibe kanthu, ndipo maselo angomvera. La m'mwamba nalo lasowa lokumana nalo. Coipa cina ncakuti fupa la pa mpata paja licepa, popeza palibenso timaulusi tolikoka. Anzanga a m'cipinda cathu cogona aseka, ati ndikudandaula ngati nkhalamba, koma awiri a iwo ali ndi mipata yomweyo, ndipo wina atsegula mabotolo ndi mano.

Aphunzitsi ati dotolo wa mano angathe kutseka mpatawo ndi dzino loikirira mano enawo asanapendekere kwambiri. Dzulo ndalembera bambo kalata kupempha ndalama ya basi, kuti ndikaonane naye pa chuthi cikudzaci.