Kulondola Gwero la Nthenda ya m'Masamba

Funso: Akulu, anthu ochuluka akadwala m'mimba chifukwa cha masamba kapena zipatso zosaphika, kodi a zaumoyo amadziwa bwanji munda umene nthendayo yachokera?

Yankho: Ntchito imeneyi, bwenzi lathu, ndi ya anthu oleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ofufuza amafunsa odwala ndi osadwala omwe chimene anadya ndi kumene anadyera. Ndipo akapeza chakudya chimene odwala ambiri analawa, amalondola makalata a malonda kuyambira kwa wogulitsa kufikira kwa mlimi, kwinaku akufanizira tizilombo ta m'matupi mwa odwalawo.

Mu 2011 ku Germany, pamene tizilombo ta E. coli tinapha anthu oposa 50, mlandu unayamba wagwera nkhaka za ku Spain, alimi osalakwa nataya chuma chambiri. Koma atafunsidwa ophika zimene anaika m'mbale iliyonse, kunaoneka kuti gwero linali mphukira za fenugreek, zimene odya ambiri sanazikumbukire, ndipo mbewu zake anazilondola kufikira ku Egypt. Tsoka lake, masamba amaola msanga, umboni nutha. Mukadwala, fulumirani kukanena kuchipatala zonse zimene munadya.