Inki ikafufutika pa chala

Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019. Anapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira anawapaka tipeksi, ndipo analamula kuti anthu avotenso, wopambana apeze mavoti opitirira theka. Mu Africa muno zotere zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017. Anakasuma ndi Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima, koma amene ankasonkhezera moto miyezi yonseyo anali achinyamata. Ndiwo ankadzaza misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre pa zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, utsi wokhetsa misozi uli kobo, iwo osabwerera m'mbuyo. Inu ang'ono anga a pa Ligowe ku Neno amene mudzavote koyamba mu 2030, nthawi imeneyo munali ku sitandade 2 kapena 3. Nkhaniyi muimve bwino, chifukwa akulu anu anailipira modula.

Mphamvu zawo zinali zenizeni, ndipo wina asakunamizeni kuti anavutikira pachabe. Lamulo loti pulezidenti azisankhidwa ndi anthu opitirira theka tili nalo lero chifukwa cha iwo. Pa 23 June 2020 mgwirizano wa Tonse wa Chakwera ndi Chilima unapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse, anthu anavina usiku wonse. Chimene chinasowa ndi kufunsa. Pamisonkhano panamveka malonjezo okoma m'khutu: ntchito 1 miliyoni m'chaka chimodzi, kudya katatu patsiku, pasipoti ya K14,000, thumba la feteleza pa K4,495, kulumikiza madzi ndi magetsi mwaulere. Mnyamata womaliza Fomu 4, satifiketi ili m'chikwama, ntchito yake ili yopalasa kabaza, akanalephera bwanji kuwomba m'manja?

Koma tatengani cholembera. Ntchito 1 miliyoni m'chaka chimodzi ndiye kuti tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, anthu oposa 2,700 azilembedwa ntchito. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lonse la Neno, kuwerenga makanda ndi agogo omwe, lili ndi anthu pafupifupi 138,000. Ndiye kuti lonjezolo linali lolemba ntchito anthu ochuluka kasanu ndi kawiri kuposa Neno yense, miyezi khumi ndi iwiri isanathe. Masamu amenewa mwana wa sitandade 7 akanawawerengera kuseri kwa kope. Amene ankayesa kuwatchula ankatukwanidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kunenedwa kuti agulidwa ndi chipani china, mpaka ambiri anangosankha kukhala chete.

Nkhani ya feteleza ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa poyamba lonjezolo linakwaniritsidwa ndithu. Mu nyengo ya 2020/21, kudzera mu pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, mabanja oposa 3 miliyoni anagula thumba pa K4,495, mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzaza. Chaka chotsatira mtengo unafika pa K7,500, kenako K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chinkacheperachepera. Amene dzina lake silinatuluke ankapita kwa ogulitsa wamba, kumene thumba linadzafika popitirira K100,000. Zifukwa zina sizinali za boma: nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022 inakweza mitengo ya feteleza ndi mafuta padziko lonse, namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kumwera mu March 2023, ndipo mu 2024 kunagwa ng'amba. Komabe muzu wa vutolo unalipo kale anthu asanavote. Feteleza timagula kunja ndi madola, madolawo timawapeza kwambiri pogulitsa fodya, ndipo sakwana. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mtengo wolonjezedwa mu makwacha pa katundu wogulidwa ndi madola sungakhalitse. Funso loti "madolawo achokera kuti?" linali lotheka kulifunsa mu 2020, koma nyimbo zinali zitakwera kwambiri.

Chilima, amene achinyamata ambiri anamukonda ndi mtima wonse kuyambira pamene anakhazikitsa chipani cha UTM mu 2018, anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024. Maliro ake anaonetsa kuchuluka kwa anthu amene chiyembekezo chawo chonse chinali mwa munthu mmodzi. Pa chisankho chotsatira chipani chake chinapeza mavoti ochepa kwambiri.

Pa 16 September 2025 anthu anapitanso kukavota, mitima ili yowawa ndi mizere ya mafuta ndi mtengo wa chimanga. Peter Mutharika, wa zaka 85, amene anachotsedwa mu 2020, anabwerera ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, Chakwera n'kupeza 33. Wachiwiri wa Mutharika pa chisankhocho anali Jane Ansah, yemwe anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC mu 2019, amene zionetsero zija zinkafuna kuti atule pansi udindo. Sindikunena kuti ovota analakwa. Anali ndi zifukwa zomveka, njala si yoseweretsa. Chimene ndikuona n'chakuti kawiri konse, mu 2020 ndi mu 2025, ambiri anavota kuti achotse amene wawakwiyitsa, ndipo wolowayo sanamufunse mokwanira. Mkwiyo umatha kugwetsa boma, koma sutha kuwerenga manifesito.

Wina pa Ligowe anena kuti, "Ife kuno sitinatengeke ndi Tonse, chipani chathu timachidziwa." Mphwanga, pamenepo ndi pamene ndikuopa kwambiri. Kuvotera chipani chifukwa ndi cha kwathu kuno, chifukwa bambo ndi malume amavotera chomwecho, n'kusafunsa komwe kuja, kwangosintha mtundu wa nsalu. Taonani msewu. Neno anakhala boma paokha mu 2003, atachoka ku Mwanza. Msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza wakhala ukutchulidwa pa nsanja za kampeni ndi maboma osiyanasiyana, koma pofika chisankho cha 2020, patatha zaka 17, likulu la bomali linali lisanalumikizidwe ndi phula ku msewu waukulu. Mukudziwa nokha zimene zakhala zikuchitika mvula ikagwa: galimoto yodzaza nachesi kapena kachewere ititimira m'matope, mavenda agula zokolola pa mtengo wozizira ponena kuti msewu ndi woipa, ambulansi yonyamula mayi wodwala iyenda mwa kamba. Chipani chimene chikudziwa kuti voti yanu ndi yake kale sichithamanga, ndipo chimene chikudziwa kuti sichidzaipeza sichithamanganso. Dera limene limamvedwa ndi limene andale sakudziwa kuti livotera ndani mpaka ataonetsa ntchito.

Tsiku la msonkhano wa kampeni mumaliona chaka chilichonse cha chisankho. M'mawa anyamata a njinga zamoto amathiridwa mafuta, kupatsidwa tisheti ndi kandalama ka m'thumba, kuti akachingamire bwana ndi kuimba mahutala. Lole imanyamula atsikana ovala nsalu zatsopano, zokuzira mawu zikugunda mpaka pansi kunjenjemera. Bwana amafika dzuwa litapendeka, alankhula kwa kanthawi, galimoto zake n'kubwerera fumbi lili m'mwamba. Madzulo mafuta aja atha, kandalama kaja kathera pa sitolo, ndipo pa anthu onsewo palibe amene wafunsa kuti ntchito yolonjezedwayo iyamba mwezi uti, ndi ndalama zochokera kuti. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Wandale amene akuphwanya lamulo pamaso panu asanalowe m'boma wakuuzani kale mmene adzalisungire akalowa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikuti muzizire mtima kapena mukhale kunyumba tsiku lovota. Theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, ndiye chisankho chilichonse chikubwerachi chili m'manja mwa ovota atsopano. Vinani, imbani, kondani amene mwamukonda. Koma inki ya pa chala imafufutika pakangopita masiku, pamene amene mwamusankha amakhala zaka zisanu, ndipo ntchito yanu yeniyeni ili m'zaka zisanuzo.

Poyambira pali kale. Pa kampeni ya 2025 chipani cha Mutharika cha DPP chinalonjeza K5 biliyoni chaka chilichonse ku dera lililonse la phungu. Madera alipo 229, ndiye kuti ndalama zonse zikupitirira K1.1 thililiyoni pachaka. Lonjezo limeneli liyezeni ndi muyezo womwe uja wa ntchito 1 miliyoni, ngakhale muli okonda chipanicho, makamaka ngati muli okonda chipanicho. Pitani ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, musaisiyire madala okha. Funsani khansala ndi phungu wanu kuti chaka chino kwafika zingati, zagwira ntchito yanji, kontrakita ndi ndani, ndipo amaliza liti. Gulani kope, mulembe zimene ayankha pamodzi ndi tsiku lake, mulisunge. Mu 2030 akadzabweranso pa Ligowe ndi lole ndi nsalu zatsopano, mudzawawerengere zimene ananena musanakwere loleyo.