PHUNZIRO LA MWEZI UNO: AMAYI NDI NDAKATULO

Mawu owerenga: Eksodo 15:20-21, 1 Samueli 2:1-10, Luka 1:46-55

Ambiri mwa ife tikamva za ndakatulo timati ndi za ana asukulu kapena za ophunzira a pa koleji ya aphunzitsi pano pa Domasi. Koma mawu tawerengawa akutionetsa kuti Miriamu, Hana ndi Mariya anali alakatuli. Mulungu atawachitira zazikulu, sanangothokoza ndi pakamwa wamba. Anasankha mawu okoma, nawaluka bwino, ndipo mpaka lero timaimba Nyimbo ya Mariya pa mapemphero a madzulo.

1. Ndakatulo zomasuliridwa

Buku la ndakatulo lakale kwambiri m'nyumba zathu ndi Masalimo. Ndakatulo 150 zimenezi zinalembedwa m'Chihebri, ndipo zinatifika chifukwa ena anazimasulira. Wansembe wa mpingo wathu, William Percival Johnson, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma ndipo linatuluka mu 1912. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo Buku Loyera, la Chichewa chosavuta, linabwera mu 1998.

Mlakatuli wa Chihebri amanena mfundo m'mzere woyamba, kenaka n'kuibwereza ndi mawu ena m'mzere wachiwiri. Si mmene timaimbira ife, wina kutsogolera ena n'kuvomera? N'chifukwa chake Masalimo sanataye kukoma powamasulira. Tiyeni tiwerenge Salimo 121 m'Buku Lopatulika ndi m'Buku Loyera, mokweza, magulu awiri molandizana. Tiona kuti omasulira awiri angasankhe mawu osiyana koma uthenga n'kukhala umodzi.

2. Alakatuli a kwathu kuno

Malawi ali ndi alakatuli ake. E.J. Chadza anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Ntchito za Pakamwa mu 1963, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga analemba Kuimba kwa Mlakatuli. Amene analemba m'Chingerezi sanataye za kwawo. Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College, anatulutsa Napolo Poems mu 1987. Dzinali analitenga kwa Napolo yemwe agogo athu amasimba, amene anagumula phiri la Zomba ndi madzi mu 1946.

Ndakatulo si zosangalatsa chabe. Jack Mapanje analemba Of Chameleons and Gods mu 1981. Boma la nthawi imeneyo linaletsa bukulo, ndipo mu 1987 anamutsekera ku ndende ya Mikuyu, m'boma lathu lomweli la Zomba, osamuzenga mlandu. Anatuluka mu 1991. Pamene anthu ambiri ankaopa kutsegula pakamwa, mlakatuli ananena zoona mophiphiritsa. Mariya nayenso anaimba za Mulungu wotsitsa odzikuza ndi kukweza onyozeka. Mayi amene wazolowera mawu otere sakhala chete mwana wamasiye akamalandidwa katundu.

3. Ndakatulo zathu zimene sizinalembedwe

Mapanje yemweyo pamodzi ndi Landeg White anasonkhanitsa nyimbo ndi ndakatulo za pakamwa za mitundu yambiri ya mu Africa, zomasuliridwa m'Chingerezi, m'buku lotchedwa Oral Poetry from Africa mu 1983. Apa pali phunziro kwa ife. Anthu ophunzira anaona kuti nyimbo za anthu wamba n'zoyenera kusungidwa m'buku, pamene eni akefe timazipeputsa.

Amayi athu ankapeka nyimbo pa mtondo. Mkazi ankadandaula za mwamuna woledzera kapena za apongozi ovuta, mudzi wonse n'kumva, popanda ndewu. Analinso ndi nyimbo zotonthoza mwana ndi zolira maliro, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe. Lero chimanga chimapita kuchigayo ndipo mtondo wakhala chete. Gogo mmodzi akamwalira, nyimbo zake zimapita naye kumanda. Ana athu adzaimbira chiyani ana awo? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agogo tikadali nawo, nthawi yake ndi ino.

Mafunso okambirana

a) Kodi Hana ndi Mariya akufanana bwanji m'nyimbo zawo?
b) Ndi nyimbo ziti za makolo zimene zimalangiza bwino, ndipo ndi ziti zimene Mkhristu ayenera kuzisiya? Chifukwa chiyani?
c) Ndi zovuta ziti za m'mudzi mwathu zimene timaopa kuzitchula, koma tingathe kuzinena m'nyimbo?

Zochita mwezi uno

Gulu lililonse ligule kope limodzi. Amayi awiriawiri akacheze ndi gogo mmodzi, apemphe chilolezo, alembe nyimbo zake m'chiyankhulo chimene waimbiramo, ndi dzina lake pansi pake. Ngati ndi ya Chiyao kapena Chilomwe, wodziwa aimasulire m'Chichewa pa tsamba loyang'anana nalo. Amene satha kulemba asadzione ochepa, chifukwa nthawi zambiri ndiwo amakumbukira zambiri. Tibwerekenso mabuku a ndakatulo a ana athu a ku sekondale, tiziwerenga imodzi tisanatseke msonkhano.

Pemphero

Mulungu Atate, amene munaika nyimbo m'kamwa mwa adzakazi anu, tiphunzitseni kusunga mawu abwino amene tinalandira ndi kuwapereka kwa ana athu. Tsegulani pakamwa pathu kuti tinene zoona mwachikondi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.