Kalabu ya zachilengedwe pasukulu: zoyenera ndi zosayenera

Makalabu m'masukulu a sekondale alipo ambiri: a zisudzo okapikisana ku ATEM, a mtsutso, AIDS Toto, SCOM, YCS. Koma kalabu ya zachilengedwe, imene ambiri amangoitchula kuti Wildlife, ndiyo imaulula msanga ngati ophunzira akuyendetsadi zinthu okha. Mbande ikasowa madzi m'dzuwa la Okutobala imafota aliyense akuona.

Zoyenera: Sankhani atsogoleri mu teremu yachiwiri, ndipo wapampando achokere mu Fomu 3. A Fomu 4 atule maudindo akadali pasukulu, kuti olowa m'malo akhale ndi owafunsa.

Zosayenera: Kuunjika mipando yonse kwa a Fomu 4 poti ndiwo akuluakulu. Mayeso a MSCE akayandikira anthuwa saonekanso ku nazale, ndipo sitingawadzudzule. Vuto ndi lakuti akamaliza kulemba amapita ndi kope la kalabu, mwinanso ndi kiyi wa kachipinda kosungira makasu. Otsala amabwerera mu Seputembala osadziwa ngakhale komwe njere zinachokera.

Zoyenera: Yambani nazale sukulu ikangotsegulira. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande zambiri zimafuna miyezi itatu kapena inayi m'machubu. Sakanizani dothi lapamwamba, mchenga ndi manyowa owolerana bwino. Njere za nsangu zili ndi khungu lolimba, choncho zitemeni pang'ono m'mbali ndi chodulira zikhadabo musanafese, apo ayi mudzadikira mpaka kutopa. Mbande zikakula muzisuntha machubu pafupipafupi, chifukwa mizu ikaboola pansi n'kulowa m'nthaka, tsiku lowokera mudzaidula ndipo mbande zambiri sizidzagwira.

Zosayenera: Kudikira mbande zobwera ndi alendo pa tsiku la mwambo. Tsiku lotere limakoma, pamakhala ndakatulo, zithunzi ndi zakumwa, koma mitengo yodzalidwa mothamanga m'timaenje tosaya ndiyo imathera mbuzi ndi chiswe. Mukafuna kudzitama, dikirani Okutobala wotsatira muwerenge yomwe yapulumuka. Ndipo bulugama musamuyandikize pa mjigo kapena pa dimba la sukulu, amamwa madzi kwambiri.

Zoyenera: Lembani ndandanda wa othirira, muumate pakhoma, muphatikizemo Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi cha Khirisimasi. Apa a ku CDSS ali ndi mwayi umene saudziwa, poti ambiri amakhala kufupi ndi sukulu. A sukulu zogonera konko akambirane ndi alonda asananyamuke, mwaulemu, osati mongowatuma.

Zosayenera: Kusandutsa a Fomu 1 otunga madzi pamene ena akungoloza ndi chala. Pemphaninso aphunzitsi kuti ochedwa asamapatsidwe chibalo ku nazale. Mwana amene anayamba kuthirira mbande ngati chilango sadzalembetsa m'kalabu.

Zoyenera: Ndalama iliyonse yolowa, kaya ya zopereka kaya ya mbande zogulitsa, ilembedwe m'kope tsiku lomwelo, asayinire anthu awiri. Msungichuma aziwerenga kopelo mokweza pa msonkhano uliwonse, ngakhale zitatsala zochepa zochititsa manyazi.

Zosayenera: Kusunga ndalama za gulu m'thumba la munthu mmodzi. Zimayamba ndi "ndingobwerekako ya mandasi, mawa ndibweza." Pofika kumapeto kwa teremu mabwenzi asiya kulankhulana.

Zoyenera: Apatironi kapena amatironi muziwauza zonse, ndipo kalata yopita ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu kapena ku bungwe la WESM, lomwe limathandiza makalabu otere, idutse kwa ahedi. Koma kalatayo muilembe nokha, iwo angokonza zolakwika.

Zosayenera: Kukonza ulendo wa ku Liwonde, ku Lengwe kapena kuphiri la Michiru ahedi ndi makolo osadziwa. Nkhuyu zodya mwana zipota akulu: chikachitika china panjira, oyankha mlandu adzakhala aphunzitsi, ndipo kalabu idzatsekedwa. Kwinakunso musagwere: kalabu imene apatironi amaitana msonkhano, kusankha atsogoleri ndi kusunga ndalama okha yasanduka phunziro lina la m'kalasi, kungoti lilibe mayeso.

Zoyenera: Atsikana apikisane nawo pa mpando waukulu, ndipo misonkhano izitha dzuwa likadalipo chifukwa ena amayenda mtunda wautali.

Zosayenera: Kuwapatsa ulembi chaka ndi chaka ponena kuti "amalemba mokongola", kenako n'kuwatuma kumjigo anyamata akukambirana za ulendo.