Malangizo: Matayala a Kumbuyo a Thirakitala Yakale

Omvera athu a ku Bangula ndi chigwa chonse cha Shire, ngati mwadzutsa thirakitala yakale monga Massey Ferguson 135, musanakwere basi ya ku Limbe kukasaka matayala a kumbuyo, lembani kaye manambala a m'mbali mwa tayala lanu, monga 12.4-28. Nambala 28 ikunena kukula kwa limu. Tayala logwirapo kale ntchito ndi lotsika mtengo, ndipo lidzakulimirani ngati mano ake akadalipo. Ena amati kugula lakale n'kutaya ndalama. Akunena zoona pokhapokha m'mbali mwake mukakhala ming'alu, poti dzuwa la kuno limaumitsa labala. Choncho yang'anitsitsani kunja ndi mkati, gulani awiri ofanana kuti thirakitala isapendekeke, ikani machubu atsopano, ndipo muziyiimika pamthunzi.